Kyuteksi, jelo kapena zomata: n'chiti chimakhalitsa pa manja ochapa ndi kuphika?

Loweruka masana mwapaka zikhadabo bwinobwino, zikuwala. Lolemba mwachapa mayunifolomu a ana, Lachiwiri mwakwecha poto wa nsima, pofika Lachitatu kunsonga kwayamba kale kukanganuka. Ambiri tikafika apa timadzudzula kyuteksi kuti ndi wotchipa, kapena kuti anatigulitsa wachinyengo. Nthawi zina zimakhala zoona. Koma pa zaka zimene ndakhala ndikudzikonza ndekha zikhadabo pakhonde, ndaona kuti wolakwa wamkulu amakhala madzi, wachiwiri ndi mafuta, ndipo mtengo wa botolo umabwera pambuyo.

Chikhadabo chimamwa madzi. Mukaviika manja m'beseni kwa nthawi, chimafufuma pang'ono n'kufewa, chikauma chimabwerera mwakale. Kyuteksi amene wakhala pamwamba satha kufufuma ndi kubwerera limodzi nacho, choncho tsiku ndi tsiku amalekana nacho mpaka atasiyiratu. Ichi n'chifukwa chake mayi wogwira ntchito ya pakompyuta, amene zovala amachapitsa, amatha sabata ndi botolo lomwelo limene kwa inu silifika masiku atatu. Musanasankhe njira, yambani mwayang'ana ntchito imene manja anu amagwira. Malangizo ambiri a pa TikTok ndi YouTube amachokera kwa anthu amene ali ndi makina ochapira zovala ndi otsukira mbale.

Pali zinthu zimene sizisintha, kaya musankha njira iti. Musapake mutangochoka kosamba kapena kochapa. Dikirani ola limodzi zikhadabo ziume ndithu. Chizolowezi choviika zala m'kambale ka madzi ofunda musanapake chisiyeni. Kankhirani kumbuyo pang'onopang'ono kakhungu ka patsinde pa chikhadabo ndi kamtengo kosalala, osakadula, chifukwa ndi kamene kamatsekereza tizilombo kuti tisalowe. Pamwamba pa chikhadabo pamatsala kakhungu kena kopyapyala kosaoneka bwino, ndipo chilichonse chimene mungapake pamenepo chimanyamuka msanga, ndiye kapaleni mofatsa. Kenako pukutani chikhadabo chilichonse ndi asetoni weniweni (mankhwala osungunula kyuteksi) kapena isopropyl alcohol wa ku famase. Vaseline ndi gilisalini amene tinadzola m'mawa amakhala akadali pomwepo ngakhale sitikumuona. Mankhwala ena ochotsera kyuteksi amawathira mafuta kuti asaumitse khungu, ndiye amenewo sayenera pa ntchito yopukutayi. Mukapukuta, musagwirenso kumaso kapena tsitsi.

Tiyambe ndi kyuteksi wamba, amene agogo ndi amayi athu ankamudziwa. Dzinalo linachokera ku Cutex, kampani ya ku America imene inayamba kugulitsa utoto wamadzi wa zikhadabo mu 1917, ndipo mpaka lero timangotchula choncho ngakhale botolo litalembedwa Revlon kapena dzina lachilendo la ku China. Ameneyu ndiye wotsika mtengo kuposa onse, amapezeka m'misika ndi m'mashopu ang'onoang'ono, safuna magetsi, ndipo kuchotsa kwake n'kwa mphindi ziwiri. Vuto lake timalidziwa. Koma anthu ochepa okha anamupatsapo mpata woonetsa mphamvu zake, chifukwa ambiri timagula botolo la mtundu lokha n'kupaka mokhuthala kamodzi kuti tithane nazo.

Kuti akhalitse pamafunika mabotolo atatu: base coat (wopaka poyamba, pansi), mtundu, ndi top coat (wopaka pomaliza, pamwamba). Ngati ndalama zikukwana chimodzi chokha chabwino, ikani pa top coat, mtunduwo mugule wotchipa. Pakani mopyapyala, kawiri, ndipo pakati pake dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu. Nthawi iliyonse pitirizani kaburashi mpaka kunsonga kwenikweni, kumene chikhadabo chimathera, chifukwa madzi amalowera pamenepo. Siyani kampata kochepa pakati pa utoto ndi khungu. Chinthu chimene ambiri sadziwa n'chakuti kyuteksi amaoneka wouma pakatha mphindi khumi koma mkati amapitiriza kulimba kwa maola ambiri. Ine ndimapaka madzulo ntchito zonse za madzi zitatha, maola awiri ndisanagone, kuti mapepala a pabedi asadinde mizere. Pakapita masiku awiri kapena atatu, onjezeraninso top coat. Mukatero, masiku asanu mpaka asanu ndi awiri n'zotheka, makamaka pa zikhadabo zazifupi. Mitundu yotuwira ndi yofanana ndi khungu imabisa pokanganuka; yofiira kwambiri ndi yakuda imaulula msanga.

Botolo musamalikhutchumule, ingolipukusani pakati pa zikhato kuti musalowe thovu. Lisungeni pamthunzi, osati pawindo, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Akakhuthala, kuthiramo mankhwala ochotsera kumamuwonongeratu, ngakhale kuti tsiku loyamba amaoneka ngati wachira.

Pali mabotolo ena olembedwa mawu akuti gel koma osafuna nyali youmitsira, monga Miracle Gel ya Sally Hansen kapena Vinylux ya CND. Amenewa ndi kyuteksi wamba wolimbitsidwa, amachoka ndi mankhwala ochotsera omwewo. Amapitirira wamba ndi masiku ochepa, koma mtengo wake kuno umakhala wokwera. Ngati muli ndi wachibale wobwera kuchokera ku Johannesburg, top coat yake yokha ndi yoyenera kumutuma.

Tsopano jelo weniweni, amene aliyense akumufuna. Anafala kwambiri kuyambira cha mu 2010 pamene kampani ya CND inatulutsa jelo wake wotchedwa Shellac, ndipo lero timapaketi ta nyali ndi timabotolo tikubwera tambirimbiri kuchokera ku China, kudzera ku Dar es Salaam ndi ku Joni. Jelo sauma ndi mphepo. Amalimba kuwala kwa UV (kuwala kosaoneka ndi maso, kumene kulinso m'dzuwa) kukamugunda, masekondi 30 mpaka 60 pa nyali ya LED, kapena mphindi ziwiri pa nyali zakale za machubu. Mukatulutsa dzanja, zatha, mutha kupisa m'chikwama nthawi yomweyo. Amakhala masabata awiri kapena atatu akuwalabe, ndipo pa manja ochapa amapirira kuposa kyuteksi kutali. Pa ndalama, chiyambi chake n'cholemera: nyali, base coat, top coat, mtundu umodzi kapena iwiri, asetoni, chopalira ndi foyilo. Werengani motere: phatikizani mtengo wa zonsezi, mugawe ndi ndalama imene mumalipira ku saluni ulendo umodzi. Yankho lake ndi maulendo amene muyenera kudzipaka nokha kuti ndalama yanu ibwerere. Ngati mumapita ku saluni kawiri pachaka, pa ukwati ndi pa Khirisimasi, paketiyo siikupindulirani, ndipo timabotolo tidzakhuthala musanatimalize.

Apa ndiima pang'ono, chifukwa pali nkhani imene ogulitsa satiuza ndipo imandikhudza. Msuweni wanga anagula kanyali kakang'ono kolumikiza ku foni, kofanana ndi mbewa ya kompyuta. Kwa miyezi ingapo zonse zinali bwino. Kenako nsonga za zala zinayamba kuyabwa usiku, kutuluka timatuza, khungu kusupuka, ndipo zikhadabo ziwiri zinanyamuka kusiyana ndi mnofu. Zikope nazo zinatupa, chifukwa munthu amagwira kumaso osadziwa. Anayamba waganiza kuti ndi sopo wochapira. Anali jelo.

Mu jelo muli mankhwala otchedwa methacrylate, ndipo lodziwika kwambiri ndi HEMA. Akalimba bwinobwino savuta. Koma akakhala amadzimadzi n'kumakhudza khungu mobwerezabwereza, thupi limatha kuyamba kuwakana, ndipo likayamba silisiyanso moyo wonse. Bungwe la madokotala a khungu ku Britain, British Association of Dermatologists, linachenjeza za zimenezi mu 2018 n'kubwerezanso mu 2023, likutchula mapaketi odzipakira kunyumba. Mayiko a European Union analamula kuti kuyambira 2021 zopaka zokhala ndi HEMA zizigulitsidwa kwa akatswiri okha, ndipo kuyambira pa 1 Seputembala 2025 analetsa mankhwala ena a mu jelo otchedwa TPO. Chimene chimandiopsa n'chakuti mankhwala a banja lomweli amagwiritsidwa ntchito pomata mano obooka ndi poika mafupa ochita kupanga a m'chiuno ndi m'mabondo. Munthu amene thupi lake lawakana chifukwa cha zikhadabo akhoza kudzavutika nazo kuchipatala patapita zaka makumi awiri.

Sindikunena kuti jelo mumuthawe. Ndikunena kuti pa jelo, malo osayenera kuumira ndi nyali. Jelo amatha kuoneka wolimba pamwamba pamene pansi, pokhudzana ndi chikhadabo, akadali wosapsa. Tinyali ta mawati 6 timachita zimenezi kawirikawiri, makamaka ndi mitundu yakuda, yofiira kwambiri ndi yoyera, imene kuwala sikudutsa mosavuta. Funani nyali yolowa dzanja lonse, yolembedwa mawati 36 kapena 48, yotulutsa kuwala kwa mitundu iwiri, 365 ndi 405 nm, ndipo ngati n'kotheka ikhale ya kampani imodzi ndi jelo wanu. Chala chachikulu chiumitseni pachokha chitagona chafufumimba, chifukwa chikapendekeka mbali imodzi siilandira kuwala. Pakani mopyapyala kwambiri. Jelo akagwera pakhungu, mupukuteni musanalowetse dzanja m'nyali. Kaphulaphula kamene kamatsala pamwamba mukaumitsa musakakhudze ndi chala. Pukutani ndi alcohol, kuchokera patsinde kupita kunsonga. Mukaona botolo lolembedwa HEMA-free n'labwinopo, ngakhale silichotseratu vuto. Lopanda mndandanda wa zimene zili mkati lisiyeni pashelefu.

Magetsi nawo muwaganizire. Akazima muli pakati, musatuluke kukaumitsa padzuwa n'kumati zatheka. Pukutani wosaumayo mudikire. Nyali yokhala ndi batire yake imathandiza ngati kwanu amazimazima. Ndipo musapakire jelo panja, chifukwa dzuwa limaumitsa kaburashi ndi kukamwa kwa botolo. Za kuwala kwa nyaliko, kafukufuku wa ku University of California San Diego wofalitsidwa mu 2023 anapeza kuti kumawononga maselo amene anawayesa mu labotale. Zimenezo sizinatsimikizire kuti nyali imayambitsa khansa mwa anthu, koma kuvala magolovesi odula nsonga n'kosavuta ndipo sikudya ndalama. Kwa alongo athu achialubino, amene khungu lawo silipirira UV, ine ndingalangize njira zosafuna nyali.

Kuchotsa jelo ndi kumene zikhadabo zambiri zimafera. Akayamba kunyamuka m'mbali, dzanja limafuna kumusenda, ndipo amachoka atanyamula timagawo ta chikhadabo. Njira yake ndi kupala pamwamba kuti kuwala kuchoke, kuika thonje lonyowa ndi asetoni, kukulunga ndi foyilo mphindi 10 mpaka 15, kenako kukankha mofatsa ndi kamtengo. Wokanirira mukulungenso. Asetoni amagwira moto msanga kwambiri, ndiye musachite zimenezi pafupi ndi mbaula, kandulo kapena koloboyi. Chikhadabo cha kumanja chimakula pafupifupi mamilimita atatu pamwezi, kutanthauza kuti chimene mwawononga lero mudzayenda nacho pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi.

Zikhadabo zomata ndi zimene ndinkazinyoza kale koma pano ndimazilemekeza. Zakale za m'ma 1980 zinali zokhuthala ndi zooneka pulasitiki patali. Zamasiku ano n'zopyapyala patsinde, zimabwera zopakidwa kale, ndipo kabokosi kamodzi kamakhala ndi 24 za masaizi osiyanasiyana. Sizifuna nyali, sizifuna luso lopaka ndi dzanja lamanzere, ndipo mphindi makumi awiri zimakwana. Ndi timapepala tomatira tambali ziwiri zimakhala tsiku limodzi mpaka atatu, zokwanira chinkhoswe kapena bridal shower, n'kuzichotsa osawononga kanthu n'kudzazivalanso. Ndi guluu zimafika sabata imodzi kapena awiri.

Chinsinsi chake chili posankha saizi. Yesani zonse khumi musanatsegule guluu, muziyale pa tebulo motsatana. Chikhadabo chikakhala pakati pa masaizi awiri, tengani chachikulupo mupale m'mbali, chifukwa chaching'ono chimapanikiza ndipo chimadumpha. Ikani guluu pa chanu ndi pa chomatacho, yambirani patsinde mopendeketsa, tsitsani pang'onopang'ono kuti mpweya utuluke, kanikizani masekondi 30. Madzi musawagwire kwa maola awiri. Ngati mumachapa ndi manja, sankhani zazifupi zozungulira kunsonga. Zazitali zosongoka zimakola m'zovala ndipo zikamathyoka zimakoka chanu chenicheni.

Mpata ukatsala pansi, madzi amalowa n'kukhazikika, ndipo mukadzachotsa mumapeza banga lobiriwira. Amenewo ndi mabakiteriya otchedwa Pseudomonas, okonda ponyowa. Musamatenso pamwamba pake. Chisiyeni chiume, bangalo lidzatuluka pamene chikukula, ndipo kukatupa kapena kupweteka pitani kuchipatala. Guluuyo ndi cyanoacrylate, m'bale wake wa super glue, koma gulani wopangira zikhadabo. Akatayikira pa nsalu ya thonje amatentha mpaka kuwotcha khungu, ndiye musamamatire pamiyendo mutayala chitenje. Kabotolo kake kamafanana ndi ka mankhwala a m'maso, ndipo anthu akhala akudzidonthezera m'diso mwangozi. Kasungeni kutali ndi mankhwala ndiponso kumene ana safika.

Ufa woviika, umene ena amautchula SNS potengera kampani imene inautchukitsa, umagwira motere: mumapaka guluu wopyapyala, kuviika chala mu ufa wamtundu, kubwereza kawiri kapena katatu, kenako kupaka mankhwala olimbitsa. Nyali siifunika, ndipo umakhala masabata atatu mpaka anayi, wolimba kuposa jelo. Kwa munthu wa zikhadabo zofewa zothyokathyoka ndi wabwino. Koma supezeka paliponse, timabotolo take timauma msanga tikatsegulidwa, fungo lake limayetsemulitsa ena ndi kutulutsa misozi, ndipo wongoyamba kumene amatulutsa zikhadabo zonenepa zofuna kupala kwambiri. Ngati mukugawana ndi anzanu, thirani ufawo pachala ndi kasipuni, musaviike zala zanu nonse m'kabotolo kamodzi.

Akiriliki, zikhadabo zoumba ndi ufa wosakaniza ndi mankhwala amadzi, ndidutsapo msanga, chifukwa sindikulangizani kuyambira pamenepo kunyumba. Kusakaniza madzi ake ndi ufa pamlingo woyenera kumafuna miyezi yophunzira, fungo lake limadzaza nyumba, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu pamafunika kudzaza pamene pakula. Madzi otchipa kwambiri nthawi zina amakhala MMA, mankhwala ena a banja la methacrylate, amene akuluakulu oona za mankhwala ku America analimbana nawo kuyambira m'ma 1970. Amalimba mopitirira muyeso moti mukagunda chala pachitseko, chimene chimang'ambika ndi chikhadabo chanu, ndipo mu asetoni amakana kusungunuka. Ngati mukufuna kuphunzira akiriliki kuti ikhale bizinesi, kaphunzireni kwa munthu wodziwa.

Pali njira ziwiri zimene sizitchulidwa m'mavidiyo koma pa kukhalitsa palibe yozipambana. Yoyamba ndi hena. Amalowa m'chikhadabo momwemo n'kuchisiya chofiirira, ndipo sakanganuka ngakhale muchape tsiku lonse. Amachoka pokhapokha chikhadabo chikakula n'kuwengedwa. Azimayi achisilamu amamukonda chifukwa satchinga madzi potawadha, pamene kyuteksi ndi jelo amatchinga. Mtundu wake ndi umodzi basi, ndipo mukapaka mwapaka, kwa miyezi. Gulani wa ufa wobiriwira wa masamba. Wakuda bii uja nthawi zambiri amamuthira PPD, mankhwala a utoto wa tsitsi, amene amatulutsa matuza. Njira yachiwiri ndi kungopukutira ndi kachipangizo ka mbali zinayi mpaka chikhadabo chiwale chokha. Kamodzi pamwezi n'kokwanira, kupitirira apo chimapyapyala. Kwa anamwino ndi azamba iyi ndiyo yoyenera, popeza malangizo a World Health Organization a 2009 okhudza kusamba m'manja amati ogwira odwala asavale zikhadabo zoikirira. Ophika zakudya zogulitsa nawonso zimawayenera.

Mukandifunsa chimene ndingasankhe, ndiyankha mosabisa. Kwa wophunzira kapena aliyense amene thumba lili lopyapyala, mabotolo atatu a kyuteksi ndi magolovesi a labala a kukhitchini aposa paketi yotchipa ya jelo. Magolovesi amenewo, pochapa ndi potsuka mbale, amawonjezera masiku ambiri kuposa botolo lililonse lodula, ndipo peyala imodzi imatha miyezi mukamaitembenuza kuti iume mkati. Pa zochitika, kabokosi ka zomata. Jelo ndi wa munthu amene amafuna zikhadabo zopakidwa chaka chonse, angathe kugula nyali yeniyeni, ndipo ali ndi mtima wodikira mphindi 15 za foyilo. Kugawana nyali imodzi yabwino pakati pa achemwali atatu kapena anzanu a kuntchito n'kwanzeru kuposa aliyense kugula kake kofooka. Chopalira chokha aliyense akhale ndi chake.

Kumapazi nkhani ndi yosavuta. Zikhadabo za kumeneko zimakula pang'onopang'ono, pafupifupi theka la liwiro la za kumanja, ndipo sizikwecha mapoto. Kyuteksi wamba wokhala ndi top coat amatha masabata atatu kapena anayi, choncho jelo wa kumapazi ndi ndalama yongotaya. Mukachotsa n'kupeza chikhadabo chachikasu chokhuthala kapena chofumbutuka, musachibise ndi utoto wina, kachionetseni kuchipatala, makamaka ngati muli ndi matenda a shuga.

Ine pano ndimachita chonchi: Lamlungu madzulo kyuteksi wotuwira, Lachitatu top coat, usiku uliwonse kadontho ka mafuta patsinde pa chikhadabo chilichonse, kaya a azitona, a kokonati kapena a mpendadzuwa a kukhitchini. Mafuta ndi mdani musanapake, koma mukapaka ndi amene amachititsa chikhadabo kupindika m'malo mothyoka. Kabokosi ka zomata zazifupi kali m'dirowa kudikira ukwati wa mu Ogasiti. Msuweni wanga uja khungu linapola patatha miyezi, zikhadabo zinameranso, koma jelo sangamuyandikirenso, ndipo akapita kokonzetsa mano amayamba wauza dokotala.